Diso Lamanzere ndi Foni ya Vera

Lolemba, 7 Okutobala

Andigoneka. Wodi ya azimayi, chipatala cha maso, bedi la pafupi ndi zenera losatseguka. Ndikulemba ndi cholembera chakuda chija ndimalembera mayina pa nsalu za makasitomala, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa giredi wani, chifukwa zing'onozing'ono sindikuziona. Ine Ennie Kalaba, telala wa pa msika wa ku George kompaundi, amene ndinkalowetsa ulusi m'singano uku ndikukangana ndi munthu za mtengo, lero ndikufufuza kapu ndi manja. Chakudza sichiimba ng'oma.

Diso lamanja lafa. Ba dokota sanazungulire. Anawalitsa tochi, ine osadziwa n'komwe kuti yayaka. Lamanzere likuona, koma ngati ndikusuzumira mu paipi: kutsogolo kokha, m'mbali monse mdima. Akuti madzi a m'diso sakutuluka bwino, ndiye akupanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha. Pulesha ya lamanzere ndi 46, pamene ya munthu wabwinobwino sipitirira 21. Ayitsitse kaye ndi mankhwala, kenako opareshoni. "Lamanja tilisiye, mayi," anatero. "Tikumenyera lomwe latsala."

Wandiperekeza ndi Vera, mwana wanga mmodzi yekhayo. Wasiya bulangeti, sopo ndi kabeseni. Walira kuposa ine mwini diso, mpaka ndinamukalipira kuti anthu ayesa pali maliro.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Madontho mitundu itatu, m'mawa, masana ndi madzulo. Mapiritsi oyera amene akundinyerenyesa zala ndi kundithamangitsira kuchimbudzi ngati mwana. Ba sista akuti ndi mmene amachitira, ndisadandaule.

Kumanja kwanga kuli ba Virginia a ku Matero, ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, odwala shuga, pakamwa posatseka. Kumanzere kuli bana Mwape, agogo a Chibemba a ku Chipata kompaundi, akudikira kuchotsedwa ng'ala.

Ba dokota anafunsa chifukwa chimene ndachedwera chonchi. Kuchedwa? Ine? Ndinawafotokozera zonse. Mu Juni, nthawi yozizira, ndinayamba kuphonya bowo la singano ndi kugunda zitseko ndi phewa lamanja. Ndinati ndipite kuchipatala, koma inali nthawi ya kicheni pate ya Vera, phwando lija azimayi amachitira mkwatibwi asanalowe m'banja, ndipo zitenge zonse zinali pa makina anga: za akomiti, za azakhali a mwamuna, za atsikana ovina, ndi diresi la mwini wake. Kupita kuchipatala ndiye kukwera mabasi awiri, kukhala pamzere tsiku lathunthu, n'kuuzidwa kuti mubwere mwezi wamawa. Vera anati, "Mami, masiku ano bapima maso pa foni. Ni bandulo chabe, simuchoka na panyumba."

Anandiimika kuseri kwa nyumba, iye chapatali atanyamula foni. Pa foni pamatuluka chilembo cha miyendo itatu ngati foloko. Ine ndiphimbe diso limodzi n'kuloza kumene miyendo yaloza, iye n'kuyendetsa chala pa foni kupita mbali yomwe ndaloza. Tinachita kawiri, poti koyamba anati netiweki yavuta. Pamapeto foni inaonetsa zobiriwira. Vera anandiwerengera Chizungu chake: maso ali bwino, ndi ukalamba chabe, gulani magalasi owerengera. Magalasi anabwera pa njinga yamoto, ine n'kubwerera pa makina, mtima pansi. Chikomekome cha mkuyu! Kachipangizo kameneko kandidyera diso.

Ba dokota anangoti "Hmm," n'kulemba.

Lachitatu, 9 Okutobala

Pulesha 39. Ikutsika ngati nkhalamba yotsika minibasi.

Lero takangana ndi ba Virginia mpaka ba sista anabwera kudzatitontholetsa. Ndinkauza wodi yonse kuti aliyense wofuna khungu apime maso pa foni. Ba Virginia anadzuka pabedi.

"Awe, amake Vera, musanamizile foni. Ine yamene munyoza ndiye inanipulumusa. Nenze ziii pa salaula, sinenze kuziba kuti shuga yafika ku maso. Mwana wa mulongo wanga ananipima pa foni, inaonesa redi, inalemba ati yendani ku chipatala manje manje. Asembe ni kuyembekeza kuti nipeze siku ya mulaini, sembe nili na ndodo."

Ndinawayankha kuti mwina foni yawo ndi ya mpingo wina, yanga inali yachikunja. Anthu anaseka. Bana Mwape anati iwo sangayang'ane m'kagalasi ka foni kuti kawawerenge maso, chifukwa sudziwa amene akukuyang'ana mbali inayo. Iwo amafuna dokota wa fungo la sopo, amene ukhoza kumugwira dzanja n'kumutukwana akalakwitsa. Apa ndinawaombera m'manja.

Koma ba Virginia sanagonje. Anati kwa munthu wa pa msika, tsiku limodzi lotseka sitandi ndi ana kugona ndi njala, ndiye foni ndi chipatala cha amphawi. Zimenezo n'zoona, ndikuzidziwa bwino kuposa iwo. N'chifukwa chake zikundiwawa. Ndinaikhulupirira ngati mmene umakhulupirira munthu wakwanu.

Lachinayi, 10 Okutobala

Pulesha 33. Mutu ukupweteka mbali imodzi.

Ba dokota anabwereranso ku nkhani ya Juni. Akuti foni singayeze pulesha ya m'diso, zimenezo zimafuna makina a kuno, ndipo ambiri imawaphonya matenda akangoyamba kumene. Koma diso langa lamanja silinafe m'sabata imodzi. Mu Juni liyenera kuti linali litafooka kale kwambiri, ndipo zoterozo foni imazigwira. Ndinafunsa kuti ndikanabwera nthawi imeneyo bwenzi zitatani. Anayang'ana pansi kaye, kenako anati, "Tikanasunga zomwe zinalipo. Ndipo lamanzereli bwenzi lili ndi malo ambiri."

Vera anabwera ndi mwamuna wake, ba Cephas. Anabweretsa chikanda ndi botolo la munkoyo wozizira woti ndimwe. Mkamwini wanga ndi munthu waulemu, anakhala kumapazi kwa bedi chipewa m'manja. Ndinamuuza Vera kuti ndikatuluka andipezere kumene kuli ofesi ya anthu a foniwo, ndikawavulire chitenge pakhomo. Ba Cephas anaseka. Vera sanaseke. Anati, "Vilekeni chabe, mami," n'kuyamba kupinda bulangeti lopindidwa kale.

Lachisanu, 11 Okutobala

Pulesha 28. Opareshoni aika Lachiwiri.



Masana kunabwera ba Hosea, amene akuphunzira udokotala wa maso. Akuyenda m'mawodi kufunsa odwala mmene amaonera zopima maso pa foni: ngati amazikhulupirira, ngati zimawapeputsira ulendo, ngati angauze anzawo. Ndinati lero ndiye mwafika pa mwini nkhani, khalani pansi. Ndinawathira zonse, sindinasiye ndi kamodzi komwe. Anamvetsera bwinobwino, osanditsutsa. Kenako anati aonetse wodi mmene zimachitikira, ndipo ba Virginia anadzipereka msangamsanga kuti andipsetse mtima.

Ba Hosea anaima kumapeto kwa bedi, foni ataigwira pachifuwa, galasi lake litayang'ana kwa ba Virginia. Iwo maso ali pa dzanja la ba Virginia basi. Akaloza kumwamba, chala cha ba Hosea kumwamba. Akaloza kumbali, chala kumbali. Sanasuzumire pa foni ngakhale kamodzi.

Ndinafunsa kuti nanga inu simuyang'anako bwanji, mudziwa bwanji kuti akhoza?

"Ine sindiyenera kudziwa, mayi," anatero. "Wogwira foni saloledwa kuona chilembo. Iye amangotsatira dzanja la wodwala, kaya wakhoza kaya waphonya. Akamasuzumira, ndiye kuti foni ikupima maso ake, osati anu."

Thupi lonse linazizira, kunja kukutentha chonchi.

Koyamba paja, kuseri kwa nyumba, Vera anagwira foni monga ba Hosea. Ndikukumbuka kuti nditaphimba lamanzere ndinkangoloza mwachisawawa, chifukwa sindinkaona kanthu koma utsi. Foni inalira kamodzi. Vera anaiyang'ana nthawi yaitali, ndiye anati netiweki. Kachiwiri, chilembo chilichonse chikatuluka, ankapendeketsa foni kwa iye kaye, kenako kwa ine. Ndinkayesa akuona ngati netiweki yabwera. Ndipo pena chala chake chinkayenda ine ndisanakweze n'komwe dzanja.

Ba Hosea anafunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi mapiritsi.

Loweruka, 12 Okutobala

Sindinadye. Bana Mwape awachotsa ng'ala, akuimba nyimbo za kwawo.

Tsiku lonse ndakhala ndikumuikira kumbuyo mwanayu m'mutu mwanga. Mwina sanadziwe kagwiridwe kake. Mwina ndine amene ndikukumbuka mokhota. Koma ndamulera ndekha kuchokera pamene bambo ake anamwalira, ndipo ndimadziwa mmene amapindira zinthu zopindidwa kale akakhala ndi mlandu. Ankatero ali wamng'ono akaswa mbale.

Lamulungu, 13 Okutobala

Pulesha 24.

Vera anabwera yekha pochokera kutchalitchi, ndi mbatata yophika ndi ndiwo za chibwabwa chotendera. Ndinamuuza kuti andigwire dzanja tikakhale pabenchi panja, kutali ndi makutu a ba Virginia.

Sindinazungulire. Ndinati, "Iwe Vera, tsiku lija koyamba foni inaonetsa mtundu wanji?"

 Ndinatembenuza mutu wonse kuti nkhope yake ilowe mu paipi yangayi. 

"Ndakufunsa."

"Redi, mami."

"Inalemba chiyani?"

"Ati muyende ku chipatala mwamusanga."

"Ndiye netiweki ija?"

Anagwada pa simenti, anthu akudutsa. Anayamba kulankhula mothamanga ngati wothawa galu. Akuti kunatsala masabata ochepa kuti kicheni pate ichitike, achibale a ba Cephas anali atagula kale zitenge n'kuzitula kwa ine, ndipo apongozi ake anali atauza mpingo wonse kuti amake mkwatibwi ndi telala wa manja agolide. "Nenze kuyopa kuti bazakugonekani, mami. Vitenge sembe vinasokewa na ndani? Sembe banatiseka. Ninakamba mumutima ati pate ikasila chabe, nizabapeleka neka ku chipatala."

Ndinati pate inatha mu Julayi. Uno ndi Okutobala.

Akuti utatha ukwati anasamukira ku Lilanda, nyumba yatsopano, ndipo ine ndinkanena kuti magalasi akuthandiza. Ndiye anaona ngati mwina foni inalakwitsadi koyamba. Kenako ataona ndikuthira tiyi pambali pa kapu, anachita mantha kuti akanena zachipatala ndimufunsa kuti wadziwa bwanji.

Abale inu! Ndinasoka zitenge zonse zija ndi diso lakufa, mphuno itagunda nsalu, malaiti atazima, makina opalasa ndi mapazi nditawatulutsa panja kuti ndione ndi dzuwa. Iye ankabwera kudzayesa diresi, n'kumazungulira pagalasi, n'kumati mami apa mubwezeko pang'ono. Ankandiona ndikulasa chala ndi singano. Ankadziwa. Tsiku la pate anandivinira, anandigwadira pamaso pa azimayi onse, anandifunditsa bulangeti latsopano kuti zikomo mami pondilera. Ine kulira ndi chimwemwe, chitsiru cha mzimayi.

Sindinamumenye. Sindinakuwe n'komwe, ine amene msika wonse umandidziwa pakamwa. Ndinangomuuza kuti atenge mbatata yake azipita. Anati andiperekeze kubedi. Ndinakana, ndinabwerera ndekha chogwira khoma.

Lolemba, 14 Okutobala

Pulesha 22. Andifotokozera za mawa: adzatsegula kanjira kakang'ono pamwamba pa diso kuti madzi azituluka. Sadzandigoneka tulo, adzangopha diso ndi jakisoni. Zomwe zinapita sizibwerera, opareshoni ndi yotchinga kuti zotsala zisapite. Ndinafunsa ngati n'kotheka kudzuka osaonanso. Ba dokota anati pa diso lofooka chonchi zimachitika, koma osati kawirikawiri. Ndasaina.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti pasakhale wonena kuti Ennie sankaopa.

Vera anabwera, ndinauza ba sista kuti ndagona. Wakhala pakhonde mpaka nthawi yoona odwala yatha.

Ba Virginia, kaya anamva bwanji, makoma a muno ndi a pepala. Ndinayembekeza kuti anena kuti mwaona, foni sinaname. Sananene. Anandisendera lalanje n'kundiika m'manja kachidutswa kamodzikamodzi. Patapita nthawi anafunsa kuti nanga ba Cephas ndiwauza? Ndinati ndikawauza ndiye kuti ndapasula banja lomwe ndinalipira ndi diso. Foni ndikanaitukwana mpaka kufa, n'kumagona bwino. Koma uyu ndimutani? Kwathu ku Katete amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Lachitatu, 16 Okutobala

Nalemba ndine Virginia, chifukwa amake Vera bali na bandeji. Bakuti nilembe ndendende mwamene bakambila, so ni mau yao aya.

Opareshoni inachitika dzulo. Sizinapweteke kwambiri, ndinkangomva kukoka. Tsopano lamanja lakufa, lamanzere lomangidwa. Ndiye mdima umenewu ndi umene ukundidikira zikakanika. Ndadya phala, theka lathera pachifuwa. Wondiperekeza kuchimbudzi ndi bana Mwape, agogo amene sabata yatha ndinkawatsogolera ine. Aliyense akalowa m'wodi ndikumamvetsera mapazi. Mapazi a Vera ndimawadziwa, amakoka chidendene chimodzi. Afika pakhomo kawiri, osalowa.

Bakuti basi. Ine Virginia niikilako yanga: mwana uja aliko panja kuchokela kuseni, sanadye. Bakuti nifute. Sinifuta.

Lachinayi, 17 Okutobala

Amasula bandeji. Poyamba kuwala kokha, misozi, utsi. Ba sista anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi." Kenako ndinaona batani la yunifolomu yawo, lachiwiri kuchokera pamwamba, losokedwa ndi ulusi wosiyana ndi enawo. Ndinawauza kuti amene anakusokerani batani ili ndi wakuba. Wodi yonse inaombera m'manja.

Ndikuona. Paipi yachepako pang'ono, koma ilipo. Pulesha 13.

Ndinafunsa za makina osokera. Ba dokota anati mipendero yowongoka mwina, wina atandilowetsera ulusi. Madiresi a akwatibwi ndiiwale.

Lachisanu, 18 Okutobala

Mawa nditulutsidwa. Koma ba sista anakhala pabedi langa n'kundiuza kuti opareshoni ndi theka chabe la ntchito. Kanjira kaja kakhoza kutsekeka ngati bala lipola molakwika. Ndiye pali madontho oyenera kulowa m'diso kangapo pa tsiku kwa miyezi, osadumphitsa, ndipo dontho likagwera pambali liyenera kubwerezedwa. Ndinati ndizidziika ndekha. Anandipatsa botolo kuti ndiyese. Mlomo wa botolo sindikuuona ukafika pafupi, ndinatsala pang'ono kudzibaya nawo pabala. Anandilanda.

"Kunyumba muli ndi ndani?"

Ndinaganiza za anzanga a pa msika, onse amachoka m'mawa kubwera madzulo. Ndinaganiza za a lendilodi, amene manja awo amanjenjemera ndi kachasu. Achibale ali ku Katete. Ndinayendayenda m'mutu George yense, nyumba ndi nyumba, kufunafuna munthu wina aliyense. Ba sista anadikira, kenako anapita pakhomo n'kuitana amene anali pakhonde.

Analowa akukoka chidendene. Wawonda. Anati, "Mwauka bwanji, mami?" Ndinayankha kuti ndadzuka. Akuti wagwirizana kale ndi ba Cephas kuti ndikakhale kwawo ku Lilanda mpaka diso lipole.

Ba sista anamuphunzitsa: kusamba m'manja, kukokera chikope pansi, botolo lisakhudze diso, dontho limodzi. Anandiuza kuti ndigone chagada ndiyang'ane kudenga. Ndinagona. Diso langa limodzi lotsalali, la mabala, ndinalitsegula ndekha pansi pa dzanja lomwe lija linayendetsa chala pa foni. Ndinkamva mpweya wake pamphumi panga, ndi kufwenthera.

Nthawi yomweyo bana Mwape anagwetsa kapu, ba sista n'kucheuka.

Dontho linagwa. Linagunda m'mphepete mwa chikope n'kutsetsereka pa tsaya, lozizira, mpaka kukhutu.

Ba sista anatembenuka n'kufunsa, "Lalowa?"

Ndinakhala chete dala. Ndinafuna ndimve.

"Lalowa," anatero Vera.

Ndinamugwira pamkono mwamphamvu mpaka anati mayo. Ndinatenga chala chake n'kuchiyendetsa pa tsaya langa ponyowa. Anayamba kulira kuti sanaone bwino, misozi inamutchinga, anayesadi lalowa. Mwina n'zoona. Maso ake anali odzaza misozi, ndinawaona. Mwinanso anachita manyazi pamaso pa ba sista, monga anachitira manyazi pamaso pa apongozi ake. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Ichi ndiye chimene wandilanda mwanayu kuposa diso lamanja: kale akati lalowa, bwenzi nditatseka diso n'kugona.

Ndinamusiya mkono. Ndinagonanso chagada, n'kukokera chikope pansi ndi chala changa.

"Bwereza," ndinatero.